Musanagule sowo ya magetsi, werengani zala zanu

Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti chaka chatha ndinakwera minibasi ya ku Mponela ndili ndi ndalama zimene ndinasunga kwa miyezi 14. Zina zinachokera ku ganyu yophunzitsa ana a Fomu 4 masamu madzulo, zina ku soya wa m'kamunda kamene amayi anandidulira. Cholinga chinali chimodzi basi: kugula sowo ya magetsi ya patebulo, ija akalipentala amangoti "makina", kuti ine ndi amalume tisiye kuthyoka msana ndi sowo ya manja. Chithunzi chake ndinali nacho kale mufoni. Mnyamata wina ankaitsatsa pa Facebook, yachikasu, yonyezimira, ndipo mtengo wake unali theka la umene ndinaona m'mashopu a hadiweya ku Area 2.

Amalume akhala akukhoma zitseko, mafelemu, mabedi ndi mabokosi a maliro kwa zaka zoposa 30 m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Ndiwo anandiphunzitsa kugwira puleni ndili Sitandade 6. Masiku ano phewa lawo la kumanja limawavuta, makamaka kukazizira mu Juni ndi Julayi. Ndinkaganiza kuti akaona chithunzicho andikumbatira. Iwo anatenga foni, n'kuitalikitsa ndi maso monga amachitira achikulire, kenako anati:

"Mphwanga, ndi okongoladi. Koma ndikufunse. Magetsi ake ndi ati? Akafa, adzawadzutsa ndani? Nanga kumbuyo kwa buledi kuli chiyani?"

Ine wa ku yunivesite, wokhoza masamu, ndinalephera kuyankha ngakhale funso limodzi. Ndinangodziwa mtengo.

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa ndikudziwa kuti sindili ndekha. Anzanga ambiri amene tikumaliza maphunziro tikuganiza za bizinesi ya manja, ndipo ukalipentala uli pamwamba pa mndandanda. Maganizo anga ndi awa: munthu wa ndalama zochepa ndiye sayenera kusankha sowo potengera kutchipa. Wolemera akagula zolakwika amataya n'kugula zina. Ife tikalakwitsa, ndalama zapita, ndipo mwina chala chapita nazo.

Chifukwa chake tonse tikufuna makina

Sindikunyoza chilakolako chofuna makina. Chili ndi maziko. Yendani pa Mponela, pa Madisi, pa Lumbadzi kapena pa boma la Ntchisi muone nyumba za malata zimene zikumangidwa. Iliyonse ikufuna zitseko, mafelemu a mawindo, mashelefu ndi bedi. Pafupi ndi boma la Dowa pali kampu ya Dzaleka, imene inatsegulidwa mu 1994 ndipo lero muli anthu oposa 50,000, okhala ndi mashopu, malesitilanti ndi matchalitchi ofuna mabenchi. Alimi akagulitsa fodya, soya ndi mtedza, kalipentala sagona.

Ntchito yowawa kwambiri pa ukalipentala ndi kung'amba thabwa m'litali. Kudula mopingasa ndi sowo ya manja n'kosavuta, mwana wa sukulu amatha. Koma tengani thabwa la 2 by 6 lochokera ku Chikangawa, muling'ambe pakati kuchokera kumutu mpaka kumchira, ndiye mubwereze kakhumi. Pofika masana dzanja limakhala likunjenjemera, mzere wakhota, ndipo puleni ikuyembekezera kuti ikonze zonse zimene sowo yalakwitsa. Makina amachita ntchito imeneyo m'kamphindi, ndipo timatabwa tonse timatuluka tofanana. Ndiye phindu lake lenileni. Sacheka zipika, sapala, sakumba mabowo. Amene akuganiza kuti akagula sowo ya patebulo ndiye kuti watsegula fakitale, adzakhumudwa sabata yoyamba.

Pamsika wathu ndaonapo mitundu itatu. Woyamba ndi masowo opepuka a kusitolo, a mayina ngati Ryobi, Ingco, Total, Bosch ndi Makita. Ambiri amakhala ndi buledi ya mamilimita 254 ndi mota ya mawati 1,500 mpaka 2,000, yaphokoso, yoyendera mabulashi amene amatha n'kufuna kusintha. Wachiwiri ndi masowo okhomedwa ndi owotcherera a konkuno: tebulo lachitsulo, shafuti, mabeyaring'i awiri, lamba, ndi mota yolemera yonga ya pampu ya madzi. Wachitatu ndi umene achinyamata ambiri akuphunzira pa YouTube ndi TikTok, womangirira girayinda kapena sowo ya m'manja kunsi kwa thabwa, buledi n'kutulukira pamwamba. Mafunso atatu a amalume aja amagwira mitundu yonseyi.

Funso loyamba: magetsi ake ndi ati?

Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi muno ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengero chinali chotsika kwambiri kuposa pamenepo. Mapolo a MAREP afika m'misika yambiri ya kwathu, koma kukhala ndi mita pakhoma ndi nkhani ina, kuyendetsa sowo ndi nkhani inanso.

Mayunitsi si vuto lalikulu. Sowo ya mawati 1,800 ikazungulira ola lathunthu imadya mayunitsi osakwana awiri, ndipo palibe amene amacheka ola lonse osapuma. Vuto lili poyatsa. Mota ikamadzuka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikamayenda. Ngati nyumba yanu ili kumapeto kwa laini, kumene babu limachita kufiira madzulo anthu akayatsa mahotipuleti, mota imangolira osafika pa liwiro lake, imatentha, kenako imapsa. Chimodzimodzi ngati mwakoka magetsi kuchokera kwa aneba ndi kawaya kowonda kolumikizalumikiza. Sowo imafuna soketi yakeyake, waya wa 2.5 ndi waya wa ethi wolumikizidwa bwino ndi munthu wodziwa ntchito yake, makamaka ngati tebulo ndi lachitsulo.

Sola ya panyumba, ija yotchajira mafoni ndi kuonera mpira, musaiwerengere n'komwe. Kajenereta ka muvidiyo sho nakonso kadzangotsamwa n'kuzima. Jenereta yoti idzutse sowo bwinobwino nthawi zambiri imadula kuposa sowoyo, osawerengera petulo. Ndipo tonse tikukumbukira 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Akalipentala amene anali ataiwala sowo ya manja ankakhala pa benchi kudikira magetsi a pakati pa usiku. Amalume anapitiriza kukhoma zitseko.

Chinanso, werengani kachitsulo kolembedwa pa mota. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Zipangizo zimene abale athu amatumiza kuchokera ku Joni zimagwirizana nawo, mumangosintha pulagi. Koma za kaunjika zochokera ku America zambiri ndi za mavoti 120, ndipo mukangozilumikiza muona utsi. Mota ina yotchipa modabwitsa imakhala ya three phase, yofuna magetsi onga a pachigayo, amene m'nyumba mwanu mulibe. Sowo yachikasu ija, nditapempha wogulitsa kuti andijambulire kachitsuloko, anasiya kuyankha mameseji anga.

Funso lachiwiri: akafa, adzawadzutsa ndani?

Apa ndi pamene maganizo anga anasintha kwambiri. Ndinkaona masowo a owotcherera ngati zinthu zachikale, zakuda, zosayenera munthu wophunzira. Nditakhala masiku atatu pa shedi ina ya makina pa Mponela ndikungoyang'ana, ndinazindikira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sowo yopepuka ya kusitolo ili ndi magiya ndi tizipangizo ta pulasitiki timene tikathyoka mumafunika kuitanitsa kunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chochokera kunja chinakwera nayo. Pamene sowo ya wowotcherera, lamba akaduka mumamupeza m'shopu ya zipangizo za galimoto kapena za chigayo. Beyaring'i ikalira, ili ndi nambala, mumagula ina. Mota ikapsa, alipo amisiri omanganso mawaya ake ku Lilongwe.

Sindikunena kuti ya kusitolo ndi yoipa. Kwa munthu wokhoma timashelefu ta paini Loweruka ndi Loweruka, kapena wodula mabolodi, ndi yabwino, ndipo imabwera ndi zotetezera zimene za owotcherera zambiri zilibe. Koma musanapereke ndalama funsani mwini sitolo ngati amagulitsa mabulashi a mota imeneyo, ndipo akuonetseni ndi maso. Funsaninso kukula kwa bowo la pakati pa buledi, chifukwa mabuledi samangolowa pa sowo iliyonse. Ena bowo lake ndi la mamilimita 30, ena 25.4, ena locheperapo. Mukagula sowo ya bowo lachilendo, mudzayendayenda mu Malangalanga monse kufuna buledi yokwana.

Ndipo gwirani fensi. Fensi ndi chitsulo chija chimayenda m'mbali mwa buledi, chimene thabwa limatsamira podutsa. Imangeni, kenako muikankhe ndi dzanja kumapeto kwake. Ikagwedera, siyani sowoyo, ngakhale mota yake ikhale yamphamvu bwanji. Tengani tepi, muyeze kuchokera pa dzino la kutsogolo kwa buledi kufika pa fensi, muyezenso pa dzino la kumbuyo. Miyeso iwiriyi ifanane. Fensi yopendekera mkati imapanikiza thabwa pa buledi, ndipo zotsatira zake ndi zimene zili mu funso lachitatu.

Funso lachitatu: kumbuyo kwa buledi kuli chiyani?

Amalume sanafunse funso limeneli mwangozi. Msuweni wanga, mwana wawo wachiwiri, ankagwira ganyu pa shedi ina ya makina zaka zitatu zapitazo. Sowo yake inali tebulo, mota ndi buledi basi, yopanda chivindikiro, yopanda chilichonse kumbuyo, swichi ili pakhoma patali. Tsiku lina ankang'amba bulugama wosauma bwino. Thabwa litadutsa theka, mbali ziwiri zong'ambikazo zinabwererana n'kuluma buledi kumbuyo. Thabwa linanyamuka n'kubwerera kumene linachokera, dzanja lake la kumanzere, limene linali litagwira kutsidya, linakokedwa nalo. Anataya zala ziwiri. Anamunyamula pa kabaza wa njinga yamoto, dzanja atalikulunga ndi malaya, msewu wa fumbi wa m'mapiri, ulendo wopitirira ola. Achipatala anachita mbali yawo, bala linapola. Koma kumudzi kwathu chala chikaduka, chaduka. Lero amagulitsa mayunitsi a foni. Ankaimba gitala kutchalitchi.

Akalipentala amati sowo yamenya theche, ngati bulu. Kuti mumvetse mphamvu yake, chitani masamu pang'ono. Buledi ya mamilimita 254 yozungulira ka 4,500 pa mphindi, mano ake amathamanga liwiro loposa makilomita 200 pa ola. Mano a kutsogolo amatsika, kukanikizira thabwa pa tebulo. Mano a kumbuyo amakwera. Thabwa likangowakhudza mwamphamvu, amalinyamula n'kuliponya kwa wochekayo, ndipo palibe munthu wachangu woti n'kuthawitsa dzanja.

Mankhwala ake ndi kachitsulo kosaoneka bwino n'komwe, kopindika ngati chikwakwa, koima kumbuyo kwenikweni kwa buledi. Pa Chingerezi amati riving knife. Kamalowa mu mng'alu umene buledi yatsegula, n'kuletsa thabwa kutsekeka. Kamakhala kochindikala pang'ono kuposa thupi la buledi, koma kopyapyala kuposa mng'aluwo. Mtengo wake ndi wochepa kuposa wa nkhuku. Komabe pa mashedi ambiri amene ndaona, kachitsulo kameneka kulibe, ndipo amene anagula sowo ya kusitolo amakachotsa tsiku loyamba pamodzi ndi chivindikiro, ati zimachedwetsa ntchito.

Mfundo imene ndikufuna anzanga ophunzira pa intaneti aimve ndi iyi. Anthu amene timawaonera pa YouTube amacheka matabwa ouma mu uvuni, owongoka, opalidwa kale mbali zonse. Athu si otero. Kwathu timagula bulugama ndi malayina ochekedwa kumunda ndi sowo ya anthu awiri kapena tchenisowo, okhota, onenepa mbali ina, ndipo kawirikawiri akadali ndi madzi chifukwa wogulitsa akufuna ndalama msanga. Bulugama ali ndi khalidwe lake: ukamung'amba amapindika pomwepo ngati wakwiya. Ndiye kuti ngozi imene mzungu wa pa vidiyo amakumana nayo kamodzi pa chaka, ife tikhoza kukumana nayo tsiku lililonse. Ngati pali dziko limene kachitsulo kaja n'kofunika kwambiri, ndi kuno.

Ngakhale kumene kuli matabwa abwinoko, sowo ya patebulo siseweretsa. Ku America, bungwe la boma loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa limawerengera anthu pafupifupi 30,000 pa chaka ovulala pokhudza buledi ya sowo yotereyi, ndipo pafupifupi 4,000 mwa iwo amaduka chala kapena mbali ya dzanja. N'chifukwa chake mu 1999 Steve Gass anapanga njira imene lero ili m'masowo a SawStop, yoimitsa buledi m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira ikangokhudza khungu. Masowo amenewo mtengo wake ife sitingaufike. Chimene tingafike ndi kachitsulo ka kumbuyo, chivindikiro cha pamwamba, swichi yoti bondo likhoza kuizimitsa, ndi kamtengo kokankhira thabwa kamene mungaseme nokha ndi zotsalira.

Za girayinda ndiye sindikufuna n'kukambirana komwe. Girayinda yaing'ono imazungulira ka 11,000 pa mphindi, kuwirikiza kawiri liwiro la sowo ya matabwa, ndipo mabuku a opanga magirayinda amaletsa kumangapo buledi ya mano. Ikakodwa mu thabwa, imalumpha kapena kuthothola mano n'kuwamwaza. Amene akukuonetsani pa TikTok kuti wapanga sowo ya patebulo ndi girayinda sadzakuonetsani vidiyo ya tsiku limene zidzamuvute.

Zimene anzanga amanditsutsa nazo

Nditakamba zimenezi ku hositelo, mnzanga wina anati ndikulankhula ngati mwana wa bwana. Anati ku Mchesi kuli amisiri amene acheka zaka 20 pa makina opanda chotetezera chilichonse ndipo zala zawo zonse zilipo. N'zoona, alipo. Koma amene timawaona pa shedi ndi amene anatsala. Amene anavulala sali pa shedi, ali kumudzi kapena akugulitsa mayunitsi ngati msuweni wanga. Komanso mmisiri wa zaka 20 amamva ndi khutu thabwa likayamba kuluma buledi. Iwe ndi ine, ongoyamba kumene, tilibe khutu limenelo. Chotetezera chinapangidwira ife.

Wina anati ndikunyoza amisiri a konkuno n'kumakweza katundu wa kunja. Ayi ndithu. Ndanena kale kuti pa matabwa athu olimbawa, sowo ya wowotcherera waluso ikhoza kuposa ya kusitolo. Vuto ndi lakuti timapita kwa wowotcherera n'kungoti "mundipangire makina otchipa", iye n'kuchotsa chilichonse chimene sitinatchule. Mupiteni ndi pepala. Lembani kuti mukufuna tebulo lathyathyathya, fensi yomangika kutsogolo ndi kumbuyo, kachitsulo ka kumbuyo kwa buledi, chophimba lamba, chivindikiro cha buledi, ndi swichi kutsogolo. Muwerengerenso limodzi kukula kwa mapule kuti buledi isazungulire kupitirira liwiro lolembedwa pa iyo. Ife amene tinaphunzira fizikisi, apa ndiye pamene digiri ingagwire ntchito.

Mtsutso wachitatu ndi umene unandivuta kwambiri. Mnzanga wamkazi, amene amasoka zovala kuti alipire fizi, anati: "Ukadikira kuti zonse zikhale bwino, sudzayamba. Osauka timayamba ndi zimene zilipo." Ndinakhala chete, chifukwa akunena zoona. Koma makina osokera akalakwitsa, umasula ulusi n'kuyambiranso. Kuyamba ndi zimene zilipo sikutanthauza kuyamba ndi sowo ya patebulo. Pali poyambira pena, potchipa kuposa pamenepo.

Mmene ndingagawire ndalama zochepa

Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho ndilankhula za magawo. Pa K100 iliyonse imene mwasunga, sowo isadye yoposa K60. Ngati sowo imene mukuifuna ikudya K100 yonse, ndiye kuti simunakwanitse kuigula, ngakhale wogulitsa akuuzeni kuti ndalama zakwana.

K15 ipite ku buledi yabwino ya mano a kabaidi. Buledi yobwera ndi sowo kawirikawiri imakhala ya wamba. Yong'ambira m'litali imafuna mano ochepa, ngati 24, kuti utuchi uzituluka msanga ndipo mota isavutike. Ya mano 40 imagwira ntchito zonse mwapakatikati. Ya mano 60 kapena 80 ndi yodulira mopingasa ndi mabolodi, ndipo mukaing'ambira bulugama imatentha n'kudetsa thabwa. Buledi yobuntha ndi yoopsa kuposa yakuthwa, chifukwa imakukakamizani kukankha mwamphamvu, dzanja n'kumayandikira mano.

K15 ina ndi ya magetsi: waya, soketi, ethi ndi malipiro a wolumikiza. K10 yotsalayo mugule magalasi oteteza maso, zotseka m'makutu, zophimba mphuno ndi sikweya yabwino. Utuchi wa matabwa olimba si fumbi wamba, umalowa m'chifuwa. Magolovesi musavale pa sowo, buledi ikakola nsalu imakoka dzanja lonse. Malaya a manja aatali apindeni.

Palinso bajeti ina imene siwerengedwa ndi ndalama, ya nthawi. Gulani matabwa msanga, muwasanje pamthunzi poikapo timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, adikire miyezi ingapo. Ndipo funsani kumene achokera. Nkhalango ya Ntchisi ndi ya Kongwe ndi zotetezedwa, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020. Munthu akakubweretserani mbawa kapena mlombwa usiku pa njinga, wopanda chikalata chilichonse, dziwani kuti mukugula mlandu. Makina amadya matabwa msanga kuposa manja, ndipo amene wagula makina ayenera kuganiza za mitengo imene adzadyetse makinawo. Ife tadzala bulugama m'malire a munda, kutali ndi dimba.

Pomaliza, phunzirani kwa munthu, osati pa foni pokha. Mponela ili ndi koleji ya ntchito za manja, Namitete ndi Lilongwe kulinso makoleji akale a zaluso, ndipo TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro oterewa. Ngati zimenezo zatalika, pemphani mmisiri wa makina kuti mukhale naye mwezi umodzi, muzisesa utuchi ndi kulandira matabwa kumbuyo. Digiri siidzachepa chifukwa mwagwira tsache.

Zimene tinachita ife

Sowo yachikasu ija sindinagule. Titakambirana ndi amalume usiku wonse, tinagula sowo ya magetsi ya m'manja, ya buledi ya mamilimita 185, ija ili ndi chivindikiro chodzitsekera chokha. Tinagulanso makalampu awiri ndi buledi ya mano 24. Amalume anapala thabwa lalitali la paini mpaka linawongoka ngati chingwe, ndipo ndilo timamangirira pamwamba pa thabwa lofuna kuchekedwa kuti sowo izitsamira. Manja onse awiri amakhala pa zogwirira, pamwamba, buledi ili kunsi. Nayonso imatha kumenya theche, choncho thabwa timalichirikiza bwino mbali zonse ndipo sitiima kumbuyo kwake. Sitiitembenuza kuti ikhale ya patebulo, ngakhale anyamata a pamsika amatiseka.

Ntchito yaikulu, monga timatabwa tambiri ta mafelemu, timalemba miyeso, kukweza pa ngolo kapena pa lole ya matola, n'kukachekesa pa makina a pa Mponela, kulipira pa mzere uliwonse. Nditawerengera, ndinapeza kuti pa maoda amene timalandira panopa, ndalama zochekesa za chaka chonse sizikufika pa mtengo wa sowo yathuyathu. Masamu amenewa ndinayenera kuwachita ndisanakwere minibasi ija. Walira mvula walira matope: makina amabwera ndi bilu ya magetsi, mabuledi, zokonzetsa ndi mantha a akuba, ndipo zonsezi zimafuna maoda okwanira kuti zilipidwe.

Ndalama zotsala zili ku banki m'khonde ya amayi. Tagwirizana ndi akalipentala ena awiri a pamsika wathu kuti tikakolola chaka chino tisonkherane, tipite kwa wowotcherera ndi pepala lija, tipangitse sowo imodzi ya tonse, iikidwe pa nyumba imene ili pafupi ndi thiransifoma. Lamulo loyamba talemba kale m'kope: wochotsa kachitsulo ka kumbuyo kwa buledi, wachoka m'gulu.

Amene anatithandiza kujambula kachitsuloko pa katoni ndi msuweni wanga. Anagwira pensulo ndi dzanja la kumanja, katoni n'kuipanikiza ndi zala zitatu za kumanzere. Atamaliza anandipatsa n'kunena kuti, "Achimwene, mukamuuze wowotchererayo kuti akayamba kudandaula za mtengo wa kachitsulo aka, abwere adzandione."

Ngati muli ndi chithunzi cha sowo mufoni mwanu ndipo ndalama zatsala pang'ono kukwana, funsani kaye mafunso atatu a amalume. Mukayankha onse, gulani. Mukalephera limodzi, sungani ndalamazo, sowo sizikutha m'sitolo.